Dziko la Madzi Oundana ndi Mafupa a ku Chama



Amene anafikako ku Chama mwezi wa October adziwa kutentha kwa cigwa ca Luangwa. Mcenga wa m'mitsinje youma umaocha mapazi, nkhuku zimayenda zitayasama, ndipo usiku munthu amaturutsa mphasa pabwalo cifukwa m'nyumba simugoneka. Tsono ndikakuuzani kuti nkhani yanga ya lero iyambira ku dziko lozizira koposa maiko onse, ndi kuti idzatifikitsa ku Chama komweko, ena mudzati mnyamatayu wasokoneza mapepala ace. Sindinasokoneze ai. Khalani pansi mumve.

Dzikolo dzina lace ndi Antarctica. Liri kumwera kweni-kweni, ndipo munthu akakwera sitima ya pamadzi ku Cape Town nalunjika kumwera, amayenda makilomita ngati 4,000 asanaone gombe lace. Pamene tinali pa sukulu ya mishoni, mphunzitsi wathu anali ndi mpira uja wojambulapo maiko, ndipo kunsi kwace kunali banga loyera limene ife ana tinkayesa kuti mpamene utoto unathera. Banga limenelo ndi dziko loposa Zambia ka 18, ndipo pafupi-fupi lonse lakwiririka ndi madzi oundana. Ife madzi oundana timawadziwira ku matalala ndi m'mafiriji a m'sitolo. Kumeneko aunjikana mpaka kucindikala kwace kufika makilomita 2, pena kuposa makilomita 4. Kulibe mtengo, kulibe mudzi, kulibe mtundu wa anthu umene unganene kuti kuno nkwathu. Pa 21 July 1983, pa malo a anthu a ku Russia ochedwa Vostok, anayesa kuzizira napeza madigiri 89 kunsi kwa pamene madzi amaundana. Pakati peni-peni pa dzikolo, pamene amati South Pole, dzuwa limaturuka kamodzi pa caka: miyezi 6 kuli usana, miyezi 6 kuli usiku.

Munthu woyamba amene ndifuna mumdziwe ndi Frank Wild, wamalinyero wa ku Yorkshire ku England, wobadwa m'caka ca 1873. Anali wamfupi msinkhu, ndipo ku Antarctica anapitako kasanu. M'caka ca 1908 anali mmodzi wa anthu anai amene anayesa kufika pa South Pole, mtsogoleri wao Ernest Shackleton. Akavalo ao anafa mmodzi-mmodzi, kotero kuti anthuwo anamanga zingwe m'cuuno nakoka okha cilei ca katundu, monga zicitira ng'ombe kwathu. Mwezi wa December, ali kukwera mtsinje waukuru wa madzi oundana umene anaucha Beardmore, Wild anakwera paphiri kukaona njira, nabwerako ndi mbiri yakuti waona mizere yakuda m'thanthwe. Anali malasha.

Inu a ku migodi simufuna kuti ndikuuzeni malasha nciani, pakuti a ku Hwange ndi a ku Maamba mwawaona ndi maso. Koma kapena si nonse mudziwa kumene acokera. Malasha ndi mitengo ndi masamba akale-kale, amene anagwera m'madambo, nakwiririka ndi matope ndi mcenga, napanikizika zaka zosawerengeka mpaka kuda ndi kuuma. Pamene pali malasha panali nkhalango. Nanga nkhalango inacokera kuti m'dziko limene mulibe ngakhale citsamba?

Anthu anaiwo analibe nthawi yolingalira zimenezi, pakuti njala inali itawagwira. Pa 9 January 1909, patatsala makilomita 180 okha, Shackleton anaona kuti akapitirira sadzabwera amoyo, nalamula kuti abwerere. Pobwerera Wild anadwala m'mimba, ndipo tsiku lina m'mawa Shackleton anatenga bisiketi yace imodzi yokhayo namkakamiza kuti adye. Kwa ife amene tadya nsima madzulo ano, bisiketi imodzi nkanthu kacabe. Wild analemba m'buku lace kuti sadzaiwala konse, ndipo moyo wace wonse unasonyeza kuti sananame. Tidzabwerera kwa iye.

Patapita zaka zitatu, gulu lina la anthu asanu, mtsogoleri wao Robert Scott, linafika pa South Pole pa 17 January 1912, koma linapeza kuti Roald Amundsen wa ku Norway anafikapo kale pa 14 December 1911. Anabwerera mitima itasweka, miyendo itatupa, cakudya ciri kucepa. Pofika ku phiri lija la malasha anaima, ndipo dotolo wao Edward Wilson ndi anzace anatola miyala yolemera makilogiramu 16 naiika pa cilei. Onse asanu anafera m'njira. Mwezi wa November caka comweco anzao anapeza hema, m'kati mwace muli mitembo itatu, ndipo miyala ija inali pomwepo, sanaitaye. Kufikira lero anthu amatsutsana ngati cinali canzeru kuti anthu ofooka cotere azikoka miyala. Ine sindingaweruze munthu amene anali m'cisanu cimene sindinacilawe. Cimene ndidziwa ncakuti pamene akatswiri a ku England anaipenya miyalayo, anapezamo masamba osanduka mwala, ooneka ngati lilime, a mtengo umene amaucha Glossopteris. Masamba omwewo amapezeka m'miyala ya malasha ku India, ku Australia, ku South Africa, ku Hwange, ndiponso m'cigwa cathu ca Luangwa.

Panali Mjeremani wina, Alfred Wegener, amene kuyambira 1912 ankanena kuti kale maiko onse anali ophatikana, ndipo anang'ambika nayamba kutalikirana. Anzace ambiri anamseka, ndipo iye anafera m'cisanu ca ku Greenland m'caka ca 1930 asanamkhulupirire. Otsutsawo ankati mbeu za mitengo zingathe kuuluka ndi mphepo kapena kuyandama pa nyanja, cotero masamba okha si umboni wokwanira. Panafunika nyama ya pamtunda, yosauluka ndi yosatha kuoloka nyanja.

Apa mpamene nkhani yathu ifika kwathu. M'zaka za 1960 ndi 1961 anthu awiri anayendera cigwa ca Luangwa ca kumtunda. Wina anali Alan Drysdall wa ku ofesi ya boma yoona za miyala m'Northern Rhodesia, winayo James Kitching wa ku Yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg. Kitching anakulira m'dera louma la Karoo ku South Africa, kumene anayamba kutola mafupa osanduka mwala akali kamwana, ndipo anali ndi diso lakuti pamene inu ndi ine tiona miyala cabe, iye amaona dzino kapena nthiti. Anayenda m'makwawa ndi m'zigwembe, kuphatikiza dera la mudzi wa Sitwe limene lero liri m'boma la Chama, natola mafupa mazana-mazana a nyama zimene zinali ndi moyo zaka zoposa mamiliyoni 240 zapitazo, kusanakhale njobvu, kusanakhale munthu. Imodzi ya nyamazo anaipatsa dzina lakuti Luangwa drysdalli, ndipo ina imene inapezeka m'dera lomwelo anaicha Zambiasaurus. Ndinenepo pano kuti ulendo wotere suyenda popanda amuna a m'midzi odziwa njira, odziwa pokumba madzi ndi pamene pagona njati. Koma maina amene amapatsidwa kwa nyamazo kawiri-kawiri ndi a alendo.

M'caka ca 1969 gulu la ku America, m'mene munali Edwin Colbert, linapeza ku Antarctica mafupa a nyama yochedwa Lystrosaurus. Inali ya msinkhu wa nkhumba, ya mlomo ngati wa fulu ndi mano awiri oturukira kunja, ndipo inali yodziwika kale ku South Africa ndi ku India. Caka cotsatira anaitana Kitching yemwe uja. Munthu amene anapsa ndi dzuwa la ku Sitwe anabvala zikopa ndi magolovesi, natsika pa ndege pakati pa mapiri a madzi oundana, ndipo posacedwa anapeza mafupa a kanyama konga msulu kochedwa Thrinaxodon, kamene iye anakadziwa bwino kwao ku Karoo. Kanyama kotere sikangasambire makilomita 4,000. Kanayenda ndi miyendo yace, pamtunda, nthawi imene pakati pa Africa ndi Antarctica panalibe nyanja. Lero kuli citunda ku Antarctica cimene cimachedwa Kitching Ridge.

Nchito imeneyi sinathere pomwepo. Kuyambira 2009 Christian Sidor wa ku Yunivesite ya Washington ndi anzace akhala alikubwera ku Luangwa, mogwirizana ndi bungwe la National Heritage Conservation Commission, ndipo Sidor yemweyo wapitanso ku Antarctica kangapo. M'caka ca 2018 analengeza kuti m'miyala ya ku Luangwa apezamo Cynognathus, cirombo codya nyama ca msinkhu wa garu wamkuru, cimene cinapezekanso ku Antarctica, ku South Africa ndi ku Argentina. Cotero akatswiri onse tsopano abvomereza kuti Africa, Antarctica, India, Australia ndi South America anali dziko limodzi, limene amalicha Gondwana, ndipo linayamba kugawanika zaka ngati mamiliyoni 180 zapitazo. Maiko amayendabe mpaka lero, pang'ono-pang'ono monga zikulira zikhadabo. Ndipo codabwitsa cina nci: zaka ngati mamiliyoni 300 zapitazo mbali yathu ino ndiyo inali kufupi ndi South Pole, ndipo miyala ya pansi peni-peni m'cigwa ca Luangwa ina inasiyidwa ndi madzi oundana. Kumene alimi a ku Chama amabzala mpunga lero kunali cisanu cosaneneka. Inu a kumeneko mukaona pfupa lolemera ngati mwala m'cigwembe, musaliswe kapena kuligulitsa kwa munthu wopita. Lamulo limaliteteza, ndipo likacotsedwa pamalo pace popanda kulemba, theka la nkhani yace latayika.

Masiku ano akatswiri amakhala ku Antarctica caka conse. M'caka ca 1959 maiko 12, pamodzi ndi South Africa, anapangana kuti dzikolo likhale la mtendere ndi la maphunziro, ndipo pangano lina la 1991 linaletsa kukumba migodi kumeneko, ngakhale malasha a Wild alipobe. Kubowola kumene amacita nkwa mtundu wina. Inu mumadziwa miyala yaitali yobulungira imene makina obowola amaturutsa kuti akuru a mgodi aone kumene kuli mkuwa. Pa malo ochedwa Dome C akatswiri a ku Ulaya anabowola madzi oundana kupitirira makilomita 3, kuposa kuya kwa mgodi uli wonse wa ku Copperbelt. M'madzi oundanawo muli timathobvu ta mpweya umene unatsekeredwa kale-kale, ndipo anawerengamo za nyengo ya zaka 800,000. Anapeza kuti m'zaka zonsezo mpweya wa carbon dioxide, umene umatenthetsa dziko, sunacurukepo monga wacurukira tsopano cifukwa ca malasha ndi mafuta amene anthu atentha. Mlimi amene alikudandaula kuti mvula siilinso kusunga nthawi yace ali ndi cifukwa comvera nkhani imeneyi.

Koma miyala ndi manambala sizibwera zokha. Amazitenga ndi anthu, ndipo funso limene landigwira mtima koposa ndi ili: kodi dziko lotere limamcita ciani munthu?

Tibwerere kwa Frank Wild. M'caka ca 1914 anatsatanso Shackleton, tsopano ali waciwiri wace, pa sitima yochedwa Endurance. Madzi oundana anaigwira sitimayo, naifinya miyezi yambiri mpaka inasweka nimira mu November 1915. Anthu 28 anatsala pa madzi oundana oyandama, ndi timabwato titatu. Mu April 1916 anafika pa cisumbu ca miyala cochedwa Elephant Island, kumene masiku amenewo sikunkapita sitima iri yonse. Shackleton ndi anthu asanu anatenga bwato limodzi kukafuna cithandizo ku South Georgia, ulendo wa makilomita 1,300 pa nyanja yaukali koposa, ndipo Wild anatsala ndi anthu 21.

Taganizani inu amene munakhalapo kapitao. Munthu uyu analibe malipiro oti awapatse, analibe ndende yoopsezera, analibe ngakhale lonjezo loona. Anamanga zipupa za miyala, nabvundikirapo mabwato awiri otsalawo, ndipo m'menemo anthu 22 anagona mothithikana miyezi inai ndi theka, nkhope ziri bii ndi utsi wa mafuta a nyama za m'nyanja. Cakudya cao cinali nyama zomwezo ndi mbalame zosauluka zochedwa penguin. Madotolo awiri, James McIlroy ndi Alexander Macklin, anadula zala za kuphazi za mnyamata wina zimene zinaola ndi cisanu, m'kanyumba komweko. Cimene Wild anacita cinali kusunga mwambo wa tsiku. Nthawi ya kudya inali yodziwika, nchito zinali zosinthana, malo okhala pafupi ndi moto anali osinthana kuti pasakhale wodandaula, ndipo Loweruka madzulo kunali kuyimba, pakuti mmodzi wa iwo anapulumutsa banjo yace. M'mawa nyanja ikatseguka, iye ankapinda zogonera zace nauza anzace kuti acite cimodzi-modzi, cifukwa kapena mkuru wao abwera lero. Sindifuna kumkometsa kopitirira. Iye anakana kusunga nyama yambiri, poopa kuti anthu akaona nkhokwe adzati basi tiri pano mpaka kale, ndipo ena anakangana naye pa cimeneci. Pamene sitima ya ku Chile yochedwa Yelcho inafika pa 30 August 1916, cakudya cinali pafupi kutha. Ikadacedwa masabata ena, kapena tikadamkumbuka mwa njira yina. Koma inafika, ndipo pa anthu 22 sipanafe ndi mmodzi yemwe.

Lero zinthu zasintha kunja kokha. South Africa iri ndi nyumba yace ya maphunziro yochedwa SANAE IV, yomangidwa pa thanthwe la Vesleskarvet ndi kutsegulidwa mu 1997. Sitima imacoka ku Cape Town mwezi wa December, nisiya kagulu ka anthu ngati 10: dotolo, amakanika, amagetsi ndi akatswiri oyesa nyengo ndi za kuthambo. Ikabwerera, iwo satha kucoka mpaka idzabwerenso caka camawa, ndipo pakati pa nyengo yacisanu dzuwa silituruka miyezi iwiri yathunthu. Ali ndi magetsi, cakudya cokwanira ndi intaneti, koma ambiri amene anagonerako amati cimene cimabvuta si cisanu ai. Ndi tulo tosabwera cifukwa thupi lataya usana ndi usiku. Ndi nkhope zomwezo m'mawa ndi madzulo. Ndi katafunidwe ka mnzako kamene mwezi woyamba sunakamve koma mwezi wacisanu ndi ciwiri kakulasa mtima. Kwathu munthu akayambana ndi mnzace amapita kukaceza ku mudzi wina mpaka mtima utsike. Kumeneko kulibe kopita. Madotolo a ku Germany anapima anthu 9 amene anakhala miyezi 14 pa malo ao a Neumayer, ndipo m'caka ca 2019 analengeza kuti mbali yina ya ubongo, yothandiza kukumbukira, inali itacepa pang'ono pobwera. Kukhala kwaokha kumafika mpaka m'mutu mweni-mweni.

Cifukwa cace posankha anthu opita kumeneko sayang'ana nzeru za m'buku zokha. Amafuna munthu wotha kuugwira mtima, wotsuka mbale tsiku lace likafika ngakhale ali dotolo, wonena msanga akalakwitsa pa makina cifukwa kubisa kungaphe onse. Ambiri pobwera amanena kuti anaphunzira kudekha, ndi kudziwa kuti zinthu zimene munthu afunadi nzowerengeka. Ndiganiza kuti inu amene mumatsika m'cikwepe muzimva zimenezi kuposa ine wokhala m'nyumba ya wailesi. Pansi pa mgodi simufunsa kuti uyu ndi Mbemba kapena Msenga kapena Mlozi. Mumafunsa ngati wagogoda denga bwino, pakuti mwala ukagwa sufunsa mtundu. Kusiyana kwace nkwakuti inu shifiti ikatha mumakwera kukaona ana anu.

Komabe ndingakunamizeni ndikati dziko limenelo limampatsa munthu nzeru zonse. Itatha nkhondo yoyamba ya maiko onse, Wild ndi dotolo McIlroy anabwera ku Nyasaland, dziko la anansi athu limene lero ndi Malawi, kudzayesa ulimi. Anali atayamba kuswa mphanje pamene mau anafika m'caka ca 1921 kuti Shackleton alikukonza ulendo wina. Anasiya zonse napita. Paulendo umenewo Shackleton anamwalira ku South Georgia pa 5 January 1922, naikidwa komweko, ndipo Wild ndiye anatsiriza ulendowo. Pambuyo pace anakakhala ku South Africa. Munda wace wa thonje ku Zululand unalephera, nchito ya kumanga njanji siinampindulire, ndipo anayenda uku ndi uku kugwira nchito zazing'ono. Munthu amene anasunga anthu 21 pansi pa mabwato awiri sanathe kusunga cuma cace. Pomariza anali wosunga sitolo ya zipangizo pa mgodi wa golide ku Klerksdorp, wopereka mafosholo ndi nyali kwa anthu onga inu, ndipo anamwalira komweko mu August 1939, ali ndi zaka 66.

Mtembo wace unatenthedwa ku Johannesburg, ndipo phulusa lace linaiwalika zaka zambiri cifukwa nkhondo yaciwiri inayamba masabata awiri okha pambuyo pace. Mai wina wolemba mabuku, Angie Butler, analifunafuna mpaka analipeza ku manda a Braamfontein. Pa 27 November 2011 analitengera ku South Georgia, naliika ku dzanja lamanja la manda a Shackleton, munthu uja anampatsa bisiketi. Ndipo mu March 2022 sitima ya ku South Africa, S.A. Agulhas II, yomweyo imene imanyamula anthu a ku SANAE, inapeza Endurance iri gone pansi pa nyanja, mamita 3,008 kuya kwace, dzina lace likali kuwerengeka. Woyendetsa sitima imene inaipeza anali Kaputeni Knowledge Bengu, mwana wa ku Umlazi ku Durban.

Nthawi yanga yatha. Gonani bwino nonse, ndipo inu a shifiti ya usiku mutsike bwino.